Damu Langa, Chitsime cha Apongozi

Anthu a kuno ku Ligowe chaka chija amachikumbukira ndi gaga. Ukangoti "chaka cha gaga," aliyense amagwira pamimba. Ine ndimachikumbukira ndi china. Ndi chaka chimene ndinatsala pang'ono kupha chitsime cha apongozi anga ndi manyowa a mbuzi, ndili ndi mtima wabwino ndithu.

Ndine mkamwini pano. Kwathu ndi ku Midzemba, kumunsi kotentha kuja, kumene madzi oyenda timawaona miyezi itatu basi, kwinako n'kumakumba mchenga. Nditakwatira Esinati n'kukwera kuno kumapiri, ndinapeza kamtsinje kakuyenda mu Okutobala, popanda ndi mmodzi yemwe wokalondera. Ndinaima n'kumangokayang'ana mpaka mkazi wanga anandifunsa ngati ndagwetsamo kanthu.

Apongozi anga, aNaphiri, ndi mayi a mwambo wakale. Achinyamata a masiku ano amadya mbale imodzi ndi apongozi awo, ena mpaka kuimbirana foni. Ife ayi. Zaka khumi ndi chimodzi ndinakhala pamudzi pawo osaonana nawo maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira uku, ine uko, moni n'kupatsana titafulatirana. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma Esinati. Sikudana ayi, ndi ulemu. Ndiwo yabwino ikaphikidwa kwawo, mbale inkafika kwathu yovundikira bwino.

Malo amene ndinakumbapo damu la nsomba anandipatsa ndi iwowo, kudzera mwa Esinati yemweyo. Ali m'khwawa, chakumtunda. Ukatsika mapazi ngati makumi anayi kutsata khwawalo, umapeza chitsime chawo patsinde pa mkuyu, chimene anakumba malemu apongozi aamuna. Mabanja anayi ankamwa pamenepo, lathu lomwe. Ine sindinkapondako. Kuchitsime n'kwa amayi, komanso njira yake ndi imene aNaphiri ankadutsa kangapo pa tsiku. Ndikanangokhalira kupatukira m'tchire.

Novembala

Chimanga cha chaka chapitacho chinadyedwa ndi mbozi chili m'munda, ndiye pofika Novembala nkhokwe yathu inali itaonetsa kale pansi. Esinati anali woyembekezera mwana wachitatu, mimba ili kutsogolo. Chiyembekezo changa chonse chinali pa damu lija. Ndinati nsomba zikakula pofika Epulo, ndikazigulitsa ku boma, tigule chimanga, ana asafooke.

Mbewu ya nsomba inabwera pa njinga yamoto ya alangizi athu, Mayi Chikopa. Anali makumba, ting'onoting'ono ngati masamba a bwemba, tili m'mapepala apulasitiki. Mayi Chikopa ndi munthu wachidule, salankhula kawiri. Anatiimika ife a kalabu ya alimi a nsomba m'mphepete mwa damu langa n'kunena kuti:

"Nsombazi zimadya ziwiri: gaga, ndi kubiriwira kwa madzi. Kubiriwirako kumabwera ndi manyowa. Muzilowetsa mkono mpaka pachigongono. Mukaona chikhatho chanu bwinobwino, onjezerani manyowa. Mukapanda kuchiona, lekani. Ndowa iliyonse imene mwathira, lembani kamzere ndi khala pachitseko cha khola. Ndipo damu likadzaza, tsekani kolowera madzi. Mwamva, eti?"

"Tamva!"

Zoyambazo ndinazisunga ngati mavesi a ku Sande sukulu. Chomalizacho ndinachimva ndithu, koma mtima unakana. Kutseka madzi oyenda? Ine, munthu wa ku Midzemba? Kwathu madzi oima ndi a udzudzu, ng'ombe yomwe imawanunkhiza kaye. Ndinati alangizi nawonso ndi anthu, amalakwitsa. Kolowera ndinakusiya kotsegula, chakumunsi ndinaikako nsungwi yoboola kuti osefukira azitulukira m'khwawa. Ndinkafuna nsomba zanga zizisamba madzi atsopano tsiku lililonse ngati mabwana.

Mvula yodzalira inagwa kumapeto kwa mwezi. Tinadzala munda wathu, ndipo wa apongozi ndinakaudzala ine m'mamawa iwo asanafike, monga ndinkachitira chaka chilichonse.

Disembala

Kale kuchigayo gaga ankangotisiyira. Unkapita ndi thumba, mwini chigayo n'kukuthokoza kuti wamusesera. Disembala ameneyo ndinapeza amayi atagwada pansi, akusesa gaga ndi manja, wina akukangana ndi mnzake chifukwa cha kamulu kosadzaza mbale. Sabata yotsatira anayamba kumugulitsa pachigoba. Mtengo wa chimanga unkasintha munthu uli pamzere: wam'mawa wina, wamasana wina.

Tsiku lina ndikutapa gaga wa nsomba, Esinati anandigwira dzanja.

"Bambo a Tamanda, gaga ameneyu tsopano ndi wa ana. Nsomba zanuzo zikadye kwina."

Sindinatsutse. Anamusefa, kumusakaniza ndi kaufa kotsala, ana n'kumadya kamodzi patsiku, madzulo. Nsomba zinatsala ndi manyowa basi.

Ndiye ndinalimbikira manyowawo. M'mawa uliwonse ndinkapinda malaya, kugwada pamphepete, mkono m'madzi mpaka pachigongono. Chikhatho mbee! Mizere yonse ya m'dzanja ikuoneka. Ndowa ina. Mawa lake chimodzimodzi. Madzi ankati akayamba kubiriwira madzulo, kukacha ayeranso. Ine osadzifunsa kuti kubiriwirako kwapita kuti. Ndinkangoti nsomba zanga n'zadyera, zamaliza zonse.

Khola lathu linatha manyowa. Ndinayamba kupempha kwa anansi. ANagama, mayi oyandikana nafe, a pakamwa posachedwa, anandilola kusesa khola lawo akuseka.

"Mkamwini wa aNaphiri wapeza ntchito! Mukamaliza muno mukasesenso kwa abusa, mbuzi zawo zimadya bwino."

Apongozi nawo anamva kuti ndikusaka manyowa. Mawa lake Esinati anabwera ndi beseni lodzaza zitosi za nkhuku.

"Amayi akuti muthire izi, akuti n'zamphamvu kuposa za mbuzi."

Ndinakondwa kwambiri. Ndinati onani mayi awa, akundifunira zabwino. Ndinathira zonse tsiku lomwelo, n'kukalemba mizere iwiri pachitseko.

Pa Khirisimasi tinadya nkhwani wopanda nsinjiro. Kutchalitchi kunamveka mphekesera yoti chimanga chaulere chili m'njira, mayina alembedwa kale. Ena ankati magalimoto aima pa Zalewa kudikira kuti msewu uume. Tinadikira nawo.

Januwale

Msewu unauma zedi, chifukwa mvula inadula masabata atatu. Magalimoto sanabwere. Chimanga chimene chinali chitafika m'mawondo chinapota masamba ngati anyezi. Masana unkamva munda uli zii, ngakhale mbalame osalira.

Aliyense anagwira njira yake. Amuna ambiri anaoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambiki, kubwerako ndi chinangwa chouma panjinga. Ena anatsikira kumunsi kukaotcha makala oti akagulitse pa Zalewa. Mbuzi imene kale inkagula matumba atatu a chimanga inkagula limodzi, losadzaza. Ife tinagulitsa ziwiri. Mango aawisi tinkaphika mumphika, ana n'kumadya akukwinya nkhope. Ine ku Mozambiki sindinapite. Ndinati ndikachoka, nsomba aziona ndani?

Pakati pa mweziwo Esinati anachira ku chipatala cha Ligowe, mwana wamkazi. Anabwerako wofooka, anamwino atamuletsa kusenza cholemera. Ndiye madzi a nyumba ziwiri, yawo ndi yathu, anayamba kutunga ndi apongozi. Ndinkangopeza mtsuko wadzaza, matewera achapidwa.

Apa mpamene pali chinthu chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero. Tsiku lina nditamwa madzi ndinalavula.

"Kodi madziwa akumveka chitsulo bwanji? Mtsukowu mukutsuka koma?"

Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali, mwana ali kubere.

"Imwani basi," anatero. "Amene watunga watopa."

Ine osatolapo kanthu. Madzi omveka chitsulo ndi a pamjigo, ndipo mjigo wapafupi uli kusukulu, kuseri kwa phiri, ulendo wa ola lathunthu kupita kokha. Ndinkawaona aNaphiri m'mamawa akukwera njira ya kuphiriko, chigubu chachikasu chili m'manja, ine n'kupatuka mwaulemu wanga uja. Ndinkaganiza kuti akupita kumapemphero a amayi, chigubucho n'chobwereka akukabweza. Tsiku ndi tsiku kubweza chigubu! Mutu wanga unali m'damu. Ndinaona kuti chitenje chikuwazungulira kawiri, koma chaka chimenecho ndani sanaonde?

Febuluwale

Mvula inabwerera mwaukali, ngati ikulipira masiku amene inajomba. Njira zonse zinasanduka sopo. Chimanga china chinadzuka, china chinali chitapita kale.

Linali Lachiwiri, dzuwa litakwera pang'ono. Ndinali chogwada padamu, mkono m'madzi, pamene ndinamva munthu akutsika khwawa akukuwa. Anali aNagama, mpango uli m'manja, matope mpaka m'mawondo.

"Inu! Inu a nsomba inu! Apongozi anu agwa kuphiri ndi chigubu pamutu. Sakutha kudzuka!"

"Kuphiri? Amakatani ndi madzi kuphiri, chitsime chili apa?"

ANagama anaima, manja m'chiuno.

"Chitsime? Mukuti chitsime? Anthu awanyamula kale, akubwera nawo. Inu bwerani kuno muone kaye ntchito ya manja anu."

Anandikoka mkono wonyowa womwewo, kutsika nane mapazi makumi anayi aja amene ndinali ndisanayendepo. Fungo linandipeza ndisanafike. Pansi pa khwawa, kuyambira pansungwi yanga, miyala yonse inali itavala ndere zazitali, zoterera. Chitsimecho chinali chobiriwira ngati ndiwo zamasamba, pamwamba pali thovu, ntchentche zili ng'waa. Mbali imodzi panali chule wakufa, mimba m'mwamba.

"Chinayamba Khirisimasi isanafike," anatero aNagama. "Mdzukulu wanga anatsegula m'mimba sabata yathunthu. Ine ndinati ndikukamuuza mkamwini ameneyu. Apongozi anu anandigwira chitenje. Akuti, 'Amene akamuuze asadzapondenso pakhomo panga. Nsomba zimenezo ndi chimanga cha adzukulu anga. Akadziwa asiya.' Ife tonse takhala tikukwera phiri chifukwa cha inu. Koma ife timatungira nyumba imodzi. Iwo ziwiri, kawiri pa tsiku, m'mimba muli mango."

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Ndinalira, sindibisa. Mwamuna wamkulu, ana atatu.

Tinawatengera ku chipatala pa machira a nsungwi. Ine ndinagwira kutsogolo kuti ndiwafulatire, ndipo njira yonse sanabuule ngakhale kamodzi. A ku Ligowe anati fupa la m'chiuno lathyoka, anawatumiza ku boma. Esinati ndi khanda sakanatha kukawadikirira, ndiye apongozi anapita ndi aNagama omwe aja, akundinyoza mpaka galimoto inanyamuka.

Madzulo ndinamufunsa Esinati chifukwa chimene sanandiuzire.

"Ndikanatani? Uku amayi andilumbiritsa, uku inu mukuimba nyimbo ndi ndowa ya manyowa. Ndinayesa kukuuzani kuti alangizi anati mutseke madzi. Munati chiyani?"

Ndinakumbuka. Ndinati za nsomba azisiyire amuna.

Mayi Chikopa anabwera patapita masiku atatu, nditawaimbira pa foni yobwereka. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anayang'ana kolowera madzi kotsegula, anayang'ana nsungwi, anandiyang'ana ine.

"Tiyeni kukhola."

Anawerenga mizere ya makala pachitseko, chala chikuyenda. Chitseko chinali chitadzaza, ina ndinalemba pakhoma. Inakwana handiredi ndi teni.

"Damu ngati ili, miyezi imeneyi, ndowa makumi atatu zikanakwana," anatero. "Tolani miyala khumi ndi umodzi."

Ndinatola, anaindandalika pamphepete pa damu.

"Mwala uliwonse ndi ndowa khumi zimene munathira. Tsopano tiwone kumene zinapita, chifukwa manyowa sasowa. Amangosamuka."

Anandiuza kuti ndikokole nsomba zingapo ndi kaukonde. Zinali ngati zala zitatu m'lifupi. Anaziyeza m'dzanja, kufunsa kuti zinalowa zingati, kuwerengera chamumtima, kenaka anasuntha mwala umodzi.

"Uwu uli m'matupi a nsomba zanu. Ndakukomerani mtima, mwina sukwana."

Anatenga ndodo, kuizika pansi pa damu malo anayi, kuona pamene matope akuda alekezera. Anasuntha miyala itatu.

"Iyi yagona pansi, m'matope. Yatsala ingati?"

"Isanu ndi iwiri."

"M'madzimu mulibe, chikhatho chanu mukuchiona. Ndiye ili kuti?"

Ndinatembenukira chakumunsi kwa damu. Nsungwi inali ikuthira madzi m'khwawa, chuu, ngati mmene inkachitira usana ndi usiku kuyambira Novembala.

"Ndikungoyerekeza," anatero. "Sikelo ndilibe, ndipo ina imauluka ndi mpweya. Ndingaphonye ndi mwala umodzi, kaya iwiri. Koma sindingaphonye ndi isanu ndi iwiri."

Kenaka anatulutsa kabotolo ka timapepala toonda toyezera madzi. Kena anaviika kumtunda, madzi asanalowe m'damu: kanatsala koyera. Kena pansungwi: kanafiirira. Kena m'chitsime: kanafiira kwambiri. Anatiika pamwala motsatana kuti ndidzionere ndekha.

"Nonse mumayang'ana m'damu," anatero akutseka kabotolo. "Palibe amene amatsika kukayang'ana kumunsi. Tsekani kolowera lero. Manyowa basi, amene ali pansiwo akwana mpaka kukolola. Osefukira a mvula muwakumbire ngalande, azipita kutali ndi chitsime. Chitsimecho chichira, koma osati mawa."

Kolowera ndinatseka iwo asanakwere njinga. Pasanathe sabata madzi anabiriwira okha, chikhatho osaoneka, popanda ndowa ngakhale imodzi.

Malichi

Malichi ndiye mwezi umene njala inaluma zenizeni. Chimanga chaulere chinafika pomaliza, koma thumba limodzi tinagawana mabanja atatu. Anthu anayamba kuthyola chimanga chachiwisi chisanakhwime, ena kukumba mbatata zikadali ngati zala. Maungu ndiwo anatipulumutsa. Madzi a nyumba zonse ziwiri ndinkatunga ine kumjigo, zigubu ziwiri panjinga, kukankha chokwera. Pamenepo mpamene ndinaidziwa njira imene mayi aja ankayenda. Pali malo ena otsetsereka pamene ngakhale mbuzi imaganiza kaye.

Apongozi anabwerako ku boma ndi ndodo, mwendo umodzi ukukokera. Ndinawaonera patali akuwatsitsa, ang'onoang'ono ngati mwana. Kuyambira tsiku limenelo damu lija sindinkafuna kuliona. Nsomba zikatumpha, mtima unkandipweteka. Ngalande ija ndinali ndisanayambe, chifukwa njira yokha yoti idutse inali pakati pa dimba la aNaphiri, pamene panali mbatata zawo. Ndiwathyole mwendo, ndiwadulirenso mbatata? Ndinati ayi. Ndiphwasule damu, nsomba tidye zikadali zazing'ono, dzenje ndikwirire, ndidzalepo nthochi, nkhani ithe.

Ndinamuuza Esinati m'mawa, khasu lili paphewa. Anangobereka mwana n'kutuluka.

Ndinali nditagwetsa khasu kawiri pakhoma la damu pamene ndinamva mawu kumbuyo.

"Bambo a Tamanda!"

Mawuwo ndinkawadziwa, koma anali asanandiitanepo. Thupi linachita zimene linazolowera: ndinafulatira, kugwada, maso kutchire.

"Tembenukani. Ndikulankhula ndi inu, osati ndi msana wanu."

Ndinatembenuka. Apongozi anali atatsamira Esinati mbali iyi, aNagama mbali inayo, thukuta lili kamukamu, atatsika khwawa lonse ndi mwendo umodzi. Kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Ndinapeza kuti ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, wofanana ndendende ndi wa mwana wanga Tamanda. Zaka zonsezi ndinkadabwa kuti mwanayu anautenga kuti.

"Mukutani?"

"Amayi, ndalakwa. Ndikufuna ndichotse chimene chakupwetekani."

"Chandipweteka ndi phiri, ndi mvula, ndi kuuma mutu kwanga. Inu munalakwa, inde, simumva. Inenso ndinalakwa, ndinatseka anthu pakamwa. Zitosi zina ndinakutumizirani ndine. Ndiye tsopano mukagumula apa, matope onsewa apita kuti?"

Ndinayang'ana kumunsi. Ndinali ndisanaganizeko. Miyala itatu ija yonse ikanatsikira m'chitsime tsiku limodzi.

"Ndayenda miyezi iwiri chifukwa cha nsomba zimenezi," anapitiriza. "Mukufuna mwendo wanga upite pachabe? Muzidye ngati matemba? Ayi. Zikule. Alangizi anati ngalande, eti? Kumbani."

"Idutsa pa mbatata zanu, amayi."

"Ndiye mbatatazo ndi zanu kapena zanga? Kumbani, ndatero. Zimene muzule, ana adye lero."

ANagama anaseka mpaka kutsokomola. "Zaka khumi ndi chimodzi osalankhulana, tsiku loyamba n'kukalipirana!"

Ndinakumba masiku asanu ndi limodzi, m'mimba muli maungu. Ngalande inadutsa padimba, kuzungulira mkuyu patali, kukathera pa nthochi za kumunsi kwa chitsime, pamene ndinadzalaponso nsenjere kuti zizisefa madzi. Apongozi ankakhala pakhonde pawo, pamene amaona khwawa lonse, n'kumakuwa kuti ndakhotetsa. Mwambo wa zaka zonse zija unatha choncho, popanda nkhuku kapena mwambo wina uliwonse. Ndinazindikira kuti mayiwa ndi olongolola, ndipo ndinakondwa nako kulongololako.

Epulo ndi Meyi

Tinakolola nsomba kumapeto kwa Epulo ndi khoka la kalabu. Khoma sitinagumule. Madzi tinawatulutsa pang'onopang'ono masiku atatu kudzera m'ngalande, matope akuda a pansi ndinawasenza pandowa kukathira m'dimba la apongozi, pamene ndinazula mbatata paja.

Nsombazo sizinakule monga ndinkalotera. Zikanakula bwanji, chakudya chake ndinkachitumiza kuchitsime? Zambiri zinali ngati chikhatho cha Esinati. Komabe chaka chimenecho ndiwo yankhuli inali yosowa, ndipo ku boma zinatha dzuwa lisanafike pamutu. Ndinabwerako ndi matumba awiri a chimanga panjinga, ndikukankha, ndikuimba. Zazikulu zisanu ndinazipatula kale. Ndinapita nazo ndekha kwa apongozi, osatuma munthu, n'kugwada pakhonde.

Anazitembenuza ndi chala.

"Minga yokhayokha," anatero. Madzulo Esinati anandiuza kuti anadya ziwiri, mitu yomwe.

Chimanga cha m'munda tinakolola mu Meyi, theka la zimene timapeza chaka chabwino. Kuphatikiza ndi matumba awiri aja, tinaona kuti tifika. Palibe mwana amene tinataya. Pamudzi pano si mabanja onse anganene choncho, ndiye sindinena mokweza.

Julayi

Chitsime tinachikapa katatu. Ine ndinkalowa m'kati ndi ndowa, amayi n'kumalandira kunja, kukwecha miyala, kuchotsa ndere. Koyamba madzi anabwerera obiriwira. Kachiwiri anayera koma kafungo kanalipo. Kachitatu, mu Julayi, kukuzizira kwa kuno kumene kumadula zala, Mayi Chikopa anaviika kapepala kawo. Tonse tinaunjikana kukayang'ana. Kanatsala koyera. Anati tizithirabe mankhwala a m'madzi kapena kuwiritsa, koma amayi anali atayamba kale nthungululu.

Mawa lake m'mawa apongozi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, kutenga ndodo ndi chikho chawo chotungira, n'kunena kuti akupita kuchitsime okha, wina asawagwire. Ndinawatsatira pambuyo, patali pang'ono. Anatsika bwino mpaka pamene njira imapendekeka pamwamba pa mkuyu. Anaponda kamodzi, kubweza mwendo. Anayesanso. Kenaka anakhala pamwala wa m'mbali mwa njira, ndodo pamiyendo, n'kumayang'ana pansi pamene madzi ankanyezimira pakati pa mizu. Panatsala mapazi khumi ndi asanu okha.

Ndinayandikira n'kuima pambali pawo.

"Ndikuchiona pompano," anatero. "Chayera."

Anandipatsa chikho chija osandiyang'ana.

"Musamamize chonse. Muzitapa pamwamba, pang'onopang'ono, ngati mukuba. Amuna mumatunga ngati mukumenyana ndi madzi."

Kuchitsime kuja sanafikekonso. Chitsime chinachira, mwendo sunachire, ndipo zimenezi ndimazidziwa m'mawa uliwonse ndikamatsika ndi ndowa ziwiri. Amayi a pamudzi anandiseka chaka choyamba, tsopano amangondisungira malo pamzere. Damu lilipo, kolowera kotseka, ndipo mwezi uliwonse ndimayenda khwawa lonse mpaka kumunsi ndikununkhiza ngati galu. A kalabu akafuna kukumba damu latsopano amandiitana, ndipo funso langa loyamba limakhala lakuti kumunsi kumamwa ndani.

Ndowa yoyamba ndimatula pakhonde pa aNaphiri. Amatapa pang'ono, kuyang'ana padzuwa, kulawa.

"Mwavundulanso."

"Pepani, amayi."

Amamwa chikho chonse, n'kundisunthira mpando kuti ndikhale.